Kagawo ka "Lero m'mbiri" kasamangokoperedwa: taonani za 6 Julayi

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa kagawo kaja kamene nyuzipepala ndi mawailesi ambiri amakakonda, kotchula zimene zinachitika pa deti la lero m'zaka zapitazo, pamodzi ndi anthu otchuka amene anabadwa tsikulo. Kagawoka kamachepa m'maso koma kamayenda mtunda wautali. Mwana wasukulu amakakopera m'kope, mphunzitsi amatengamo mafunso a mpikisano, muulutsi amakawerenga pawailesi m'mawa anthu akumwa tiyi, ndipo pofika madzulo wina wakatumiza kale pa WhatsApp. Deti likalakwika pamenepo ndiye kuti lasokeretsa anthu miyandamiyanda, ndipo madzi akatayika saoleka. Pempho lathu n'lakuti nyuzipepala yanu izikhala ndi kagawo kotere m'Chichewa, koma kolembedwa ndi munthu amene wafufuza, osati kongotola pa intaneti n'kumasulira. Kuti zimveke bwino titenga deti limodzi limene Mmalawi aliyense amalidziwa, 6 Julayi, tione katundu amene lasenza ndi misampha imene yabisala m'menemo.

Tiyambe ndi za pakhomo. Pa 6 Julayi 1958, tsiku Lamulungu, Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Anabwera ataitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress, monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, kuti adzatsogolere ntchito yophwasula chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Patatha zaka 6 ndendende, pakati pa usiku wa pa 5 kuchera Lolemba pa 6 Julayi 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Blantyre n'kukwezedwa yakuda, yofiira ndi yobiriwira ya dzuwa lotuluka, Prince Philip ali pomwepo kuimira Mfumukazi. Apa ambiri amapunthwa. Mu 1964 Dr Banda sanakhale Pulezidenti. Anali Nduna Yaikulu, udindo umene anali nawo kuyambira Febuluwale 1963, ndipo Mfumukazi Elizabeth II anakhalabe mutu wa dziko kudzera mwa Bwanamkubwa Sir Glyn Jones. Upulezidenti unabwera pa 6 Julayi 1966, pamene Malawi anasanduka ripabuliki ya chipani chimodzi. Kenaka pa 6 Julayi 1971 analumbira kukhala Pulezidenti Wamuyaya. Wolemba amene wasakaniza 1964 ndi 1966 amalakwitsa kawiri: udindo wa munthu, ndi chiwerengero cha zaka zimene tikukondwerera.

Tsono funso limene kagawoka kayenera kuyankha n'lakuti, zinthu zonsezi zinakumana bwanji pa deti limodzi? Sizinangogwerapo ngati mango. La 1958 ndilo linali tsinde, ndipo enawo anachita kuikidwa pamenepo ndi anthu, dala, kuti mbiri ya dziko ndi mbiri ya mtsogoleri zimangidwe mtolo umodzi. Ndi mmene maboma amachitira. Mozambique analandira ufulu pa 25 Juni 1975 chifukwa chipani cha FRELIMO chinakhazikitsidwa pa 25 Juni 1962. Ku Kazakhstan tsiku lokondwerera likulu la dzikolo ndi 6 Julayi, lomwenso ndi tsiku lobadwa la mtsogoleri wawo woyamba, Nursultan Nazarbayev, wa mu 1940. Ngakhale kwathu konkuno posachedwapa, Dr Lazarus Chakwera analumbira pa 28 Juni 2020, koma mwambo wolandira lupanga la ulamuliro unaikidwa pa 6 Julayi, ndipo unachitikira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Wolemba "analumbira pa 6 Julayi 2020" walakwitsa ndi masiku 8.

Palinso zinthu zimene sizinasankhidwe koma zinabadwa ndi tsikulo. Lachinayi pa 6 Julayi 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe. Anthuwo anasonkhana chifukwa linali tsiku la zaka 53 za ufulu ndipo kunali mpira wa chikondwererocho. Imeneyi siyenera kusowa pa mndandanda wa 6 Julayi ngakhale kuti ndi yowawa, chifukwa wokonza mwambo wa chaka chamawa ayenera kuikumbukira asanaganize za nthawi yotsegulira zipata. Ndiye pali zongokumana basi. Lamulo limene linasintha dzina la dziko lino kuchoka pa British Central Africa kukhala Nyasaland lili ndi deti la 6 Julayi 1907. Amene analilemba ku Britain sakanalota za 1964. Tsiku lomwelo, chaka chomwecho, ku Coyoacán m'dziko la Mexico kunabadwa Frida Kahlo, wojambula zithunzi wotchuka uja. Pakati pa ziwirizi palibe ulusi uliwonse, ndipo wolemba asayese kuuluka.

Za kunja za deti lomweli n'zambiri, tingotchulapo zochepa. Zilumba za Comoros, anansi athu a mu SADC, zinalengeza ufulu kuchoka kwa France pa 6 Julayi 1975, motero timakondwerera limodzi. Nkhondo ya Biafra ku Nigeria inayamba pa 6 Julayi 1967, ngakhale kuti Biafra inali italengeza kudzipatula pa 30 Meyi, ndipo inatha mu Januwale 1970. Pa 6 Julayi 1957 Althea Gibson anakhala munthu wakuda woyamba kupambana chikho cha osewera payekha cha tenesi ku Wimbledon. Pa 6 Julayi 1988 nsanja yopopera mafuta ya Piper Alpha inaphulika pa nyanja ya North Sea n'kupha anthu 167.

Koma pa zonse zakunja, imene mkonzi wa Chichewa ayenera kuipatsa malo okulirapo ndi ya 6 Julayi 1885. Tsikulo mayi wina wa ku Alsace anafika ku Paris kwa Louis Pasteur, katswiri wa sayansi wa ku France amene ankafufuza katemera wa chiwewe, ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa kwambiri ndi galu wachiwewe masiku awiri m'mbuyomo. Pasteur sanali dokotala wa anthu, choncho jakisoni anabaya ndi Dr Jacques-Joseph Grancher. Katemerayo ankapangidwa kuchokera ku mtsempha wa m'msana wa akalulu odwala chiwewe, wowumitsidwa kuti kachilombo kafooke. Anayamba ndi wouma kwa masabata awiri, wofooka kwambiri, n'kumapita ku wamphamvu pang'onopang'ono, mpaka majakisoni 13 m'masiku osapitirira 11. Mwanayo sanadwale. Nkhani imeneyi ili ndi ntchito kwa mayi wa ku Mulanje kapena ku Mchinji lero, chifukwa chiwewe chidakalipo ndipo pafupifupi onse amene amachitenga amachitengera kwa agalu. Mzere umodzi wowonjezera pansi pa detilo ungapulumutse mwana: galu akaluma, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, musadikire zizindikiro, chifukwa zikaoneka munthu sachira. Onaninso kuti tsiku loganizira za chiwewe pa dziko lonse si 6 Julayi koma 28 Sepitembala, deti limene Pasteur anamwalira mu 1895.

Tibwere kwa obadwa. Pa 6 Julayi panabadwa Dalai Lama wa 14, mtsogoleri wa Abuda a ku Tibet, mu 1935, m'mudzi wa Taktser. George W. Bush, pulezidenti wakale wa America, ndi Sylvester Stallone, wosewera mafilimu, anabadwa tsiku limodzi chaka chimodzi, 1946, wina ku New Haven wina ku New York. Anthu akaona mayina otere amayamba kunena kuti detili lili ndi mwayi wa utsogoleri kapena wa kutchuka. Masamu akukana. Chaka chili ndi masiku 365 okha, pamene ana obadwa pa dziko lonse tsiku lililonse amaposa 300,000. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi oposa 17.5 miliyoni. Mukawagawa ndi 365 mupeza kuti deti lililonse lili ndi Amalawi pafupifupi 48,000, ndipo mwa iwo muli alimi, akabaza, anamwino ndi akaidi omwe. Mphunzitsi angayese izi m'kalasi mwake mawa. Pa gulu la anthu 23 okha, mwayi woti awiri akhale ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira theka, chifukwa anthu 23 mungawaphatikize awiriawiri m'njira 253, kutanthauza 23 kuchulukitsa ndi 22 kugawa ndi 2. Pa anthu 50 mwayiwo ndi 97 pa 100, ndipo pa kalasi ya ana 70, monga zilili m'sukulu zathu zambiri za pulaimale, kulephera kupeza awiri otere ndiko kungakhale kodabwitsa. Kagawoka kasasanduke ula.

Vuto lalikulu la madeti obadwa n'lakuti mwini wake amatha kunena zosiyana ndi zolembedwa. Frida Kahlo yemweyo ankauza anthu kuti anabadwa mu 1910, pofuna kuti moyo wake uyambire limodzi ndi nkhondo yosintha zinthu ku Mexico, pamene chikalata chake chimati 1907. Louis Armstrong, woimba lipenga uja, amene anamwalira pa 6 Julayi 1971, moyo wake wonse ankati anabadwa pa 4 Julayi 1900. Atamwalira, kaundula wa ubatizo wa tchalitchi china ku New Orleans anasonyeza 4 Ogasiti 1901. Ngati izi zikuchitika kumene zolembera zinali paliponse, nanga kwathu kuno?

Chitsanzo chathu ndi Dr Banda amene. Boma linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, ndipo n'chifukwa chake Kamuzu Day ili pa 14 Meyi. Koma atamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 zinalembedwa kuti anali ndi zaka 99. Chotsani 99 pa 1997 mupeza 1898, chaka chimene ofufuza ambiri amachivomereza. Mukatsata 1906 ndiye kuti anali ndi zaka 91. Zonse ziwiri sizingakhale zoona. Kalembedwe koyenera pa 14 Meyi ndi kakuti "tsiku limene boma linakhazikitsa kuti likhale lokumbukira kubadwa kwake", osati "anabadwa lero mu 1906". Sikunyoza. Pa nthawi imeneyo ku Kasungu kunalibe wolemba ana obadwa, ndipo makolo athu ankasunga zaka ndi zochitika: anabadwa chaka cha dzombe, anali kumsana pa nkhondo ya Chilembwe, anatha msinkhu pa njala ya 1949, anakwatiwa Napolo atangodutsa ku Zomba mu 1946. Kawerengedwe kameneka kamapereka chaka, mwina ndi nyengo, koma sikapereka deti. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015. N'chifukwa chake mukaona 1 Januwale pa chiphaso cha gogo muzikayika kaye, popeza nthawi zambiri deti limenelo ndi la kalaliki amene anafuna kudzaza mpata pa fomu. Kaundula wa tchalitchi nayenso muzimuwerenga modekha: ali ndi danga la tsiku lobatizidwa ndi danga la tsiku lobadwa, ndipo kwa amene anabatizidwa ali wamkulu, lachiwirilo limakhala longoyerekeza.

Msampha wina ndi wa kalendala yeniyeniyo. Pa mindandanda ya 6 Julayi mupezapo Jan Hus, wansembe wa ku Bohemia amene anawotchedwa ku Konstanz mu 1415, Thomas More, amene anali nduna ya mfumu ya England n'kudulidwa mutu ku London mu 1535, ndi Mfumu Nicholas I ya Russia yobadwa mu 1796. Atatuwa aikidwa pamzere umodzi koma miyezo yake ndi iwiri. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkati chaka ndi masiku 365 ndi maola 6, pamene chaka chenicheni n'chocheperapo ndi mphindi pafupifupi 11. Mphindizo zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse. Pofika 1582 Papa Gregory XIII analamula kuti Lachinayi pa 4 Okutobala litsatidwe ndi Lachisanu pa 15 Okutobala, n'kuikanso lamulo loti chaka chothera ndi 00 chisakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Motero 1900 inalibe, 2000 inali nayo, 2100 sidzakhala nayo. Maiko sanasinthe limodzi. Britain anadikira mpaka 1752, pamene 2 Sepitembala inatsatidwa ndi 14 Sepitembala. Russia anasintha mu 1918, kulumpha kuchoka pa 31 Januwale kufika pa 14 Febuluwale. Ndiye Hus ndi More ali pa 6 Julayi wa kalendala yakale, monga anthu a nthawi yawo analembera, pamene Nicholas kwawo analembedwa kuti wabadwa pa 25 Juni, ndipo 6 Julayi wakeyo anapezeka powonjezera masiku 11.

Chochita apa n'chosavuta. Deti la 1582 isanafike lisiyeni mmene lilili, musalisinthe. Deti la pakati pa 1582 ndi 1923, chaka chimene Greece anasintha, funsani kaye kuti dzikolo linali pa kalendala iti. Ngati linali pa yakale, kusiyana kwake ndi masiku 10 mpaka 1700, masiku 11 mpaka 1800, masiku 12 mpaka 1900, ndi masiku 13 kuyambira pamenepo, ndipo muuzeni wowerenga kuti mwatsata iti. Mwayi wathu n'ngwakuti mbiri yolembedwa ya dera lino siivutika kwambiri ndi zimenezi. Apwitikizi anasintha mu 1582 momwemo, choncho zolemba zawo za Amaravi za m'ma 1600 zili kale pa kalendala ya lero, ndipo Angerezi anafika kuno patatha zaka zoposa 100 atasintha. Pofunika kusamala ndi pa zikalata zokhala ndi deti la Chisilamu. Chaka chimenecho chili ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiponso tsiku limayamba dzuwa likalowa. Posandutsa deti lotere kusiyana kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kosapeweka, ndipo ndi bwino kulemba mwezi ndi chaka kusiyana n'kukakamira deti.

Chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi madeti atatu: limene chinachitika, limene chinadziwika, ndi limene chinalengezedwa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira Lachinayi pa 5 Epulo 2012, monga kafukufuku wa boma anatsimikizira pambuyo pake, koma mtundu unauzidwa Loweruka pa 7 Epulo, tsiku limene Dr Joyce Banda analumbira. Pa 6 Epulo chaka chimenecho boma linkangonena za kudwala, osati za maliro. Ndege imene munali Dr Saulos Chilima ndi anzake 8 inagwa Lolemba pa 10 Juni 2024, koma inapezeka m'nkhalango ya Chikangawa pa 11 Juni. David Livingstone, amene anafera m'mudzi wa Chitambo m'dziko limene lero ndi Zambia, mwala wa pamanda ake ku Westminster Abbey umati 1 Meyi 1873, pamene anyamata ake anazokota 4 Meyi pa mtengo umene anakwirirapo mtima wake. Lamulo lake likhale limodzi: chinthu chiikidwe pa deti limene chinachitika, ndipo ngati kulengeza kunachedwa, zimenezo zinenedwe. Kumbukiraninso kuti nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku imanena za dzulo. Wofufuza amene wakopera deti la pamwamba pa tsamba osawerenga mawu oti "dzulo" m'nkhanimo amasuntha mbiri ndi tsiku limodzi.

Holide nayo si umboni. Chilembwe Day ili pa 15 Januwale, koma kuukira kunayamba usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, ndipo Mbusa John Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Chaka chilichonse pamapezeka wolemba kuti "lero mu 1915 Chilembwe anaukira atsamunda" pa 15 Januwale. Ayi ndithu. Tsiku la Anthu Ofera Dziko ndiye lili pamalo pake, chifukwa pa 3 Malichi 1959 ndi pamene Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Banda anamangidwa, ndipo anthu anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay. Za kutchalitchi n'chimodzimodzi. Maria Goretti, mtsikana wa zaka 11 wa ku Italy, anabayidwa pa 5 Julayi 1902 n'kumwalira pa 6, ndipo Akatolika amamukumbukira pa 6 Julayi pomwepo. Koma Thomas More amamukumbukira pa 22 Juni pamodzi ndi Bishopu John Fisher wa ku England, amene anaphedwa pa deti limenelo.

Ziwiri zazing'ono tidutsepo msanga. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri pa ya Greenwich ku Britain, imene maiko amayezera nthawi zawo. Neil Armstrong anaponda pamwezi nthawi ili 10:56 usiku wa pa 20 Julayi 1969 ku New York, koma ku Zomba inali 4:56 m'bandakucha wa pa 21. Chochitika cha madzulo ku America chimagwa mawa lake kuno, ndipo cha m'mamawa ku Japan chimagwa dzulo lake. Tsatani deti la kumene chinachitikira. Chachiwiri, Amereka amayamba ndi mwezi polemba deti ndi manambala, motero 6/7 kwa iwo ndi 7 Juni, kwa ife ndi 6 Julayi. Dzina la mwezi lizilembedwa ndi malembo nthawi zonse.

Pali chida china chotsika mtengo chogwirira mabodza, ndicho tsiku la sabata. Deti limasuntha ndi tsiku limodzi chaka chilichonse, ndipo likadutsa 29 Febuluwale limasuntha ndi masiku awiri. Yesani: 6 Julayi 1958 linali Lamulungu, 1959 Lolemba, 1960 Lachitatu, 1961 Lachinayi, 1962 Lachisanu, 1963 Loweruka, 1964 Lolemba. Chachidule kuposa apa, pakati pa 1901 ndi 2099 kalendala imabwereza ndendende pa zaka 28 zilizonse. Ya 1964 ndi yomweyo ya 1992 ndi 2020, ndipo ya 1958 ndi ya 1986 ndi 2014, motero foni ya m'manja ingakuuzeni ngakhale itakhala yosafika zaka zakale. Mboni ikanena kuti chinthu chinachitika anthu akutuluka m'tchalitchi Lamulungu, koma deti limene buku lapereka likugwa Lachiwiri, pamenepo imani. Mmodzi mwa awiriwo walakwitsa, ndipo kawirikawiri anthu amakumbukira bwino tsiku la sabata kuposa nambala.

Nanga ntchitoyi izigwiridwa motani mu ofesi mwanu? Choyamba pakhale kaundula mmodzi, kaya ndi buku lachikuto cholimba kaya ndi fayilo ya pakompyuta, wokhala ndi masamba 366, tsamba limodzi deti limodzi, 29 Febuluwale nayo ili ndi lake. Chilichonse cholowa m'menemo chikhale ndi chaka, malo, zimene zinachitika, kumene mwazipeza, ndi dzina la amene watsimikizira. Chisalowe chisanapezeke m'malo awiri osadalirana. Mawu oti osadalirana ndiwo mutu wa nkhani, chifukwa masamba 10 a pa intaneti amene onse anakopera pa tsamba limodzi ndi mboni imodzi yokha. Pa za m'dziko muno, amodzi mwa malo awiriwo akhale cholembedwa cha nthawi yomweyo: Gazeti ya boma, Hansard (buku la zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo), Nyasaland Times kapena Malawi News yakale, makalata a mishoni. Zimenezi zilipo ku National Archives ku Zomba, ndipo zina zili ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Mtolankhani mmodzi atapatsidwa masiku awiri pamwezi kuti akakhale kumeneko, akukonzekeratu za mwezi wotsatira, pakutha pa chaka mudzakhala ndi chuma chimene nyuzipepala ina ilibe. Chaka chachiwiri ntchito imapepuka, chifukwa kumangokhala kuwonjezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa kukula kwake, zinthu 5 kapena 6 pa tsiku n'zokwanira, chilichonse mawu osapitirira 40, kupatula chimodzi chimene mwachisankha kuti muchitambasule monga tachitira ndi cha Pasteur. Ziwiri zikhale za kuno kapena za maiko oyandikana nafe. Mndandanda wa mayina 30 a osewera mafilimu a ku America umene wowerenga wa ku Ntchisi sanawamvepo ndi kungodzaza pepala. Dzina lililonse lizibwera ndi chifukwa chake: anali yani, anachita chiyani, zikutikhudza pati. Powerenga zaka zimene zapita, chotsani chaka cha chochitikacho pa chaka chino, osawonjezera kanthu, ndipo munthu wachiwiri abwereze samuyo. Mukalakwitsa, konzani m'kagawo komweko sabata yotsatira, ndipo konzaninso m'kaundula muja, apo ayi cholakwacho chidzatulukanso chaka chamawa pa deti lomwelo.

Ena adzati mbiri yathu ya makedzana ilibe madeti, ndiye singalowe m'kagawo kotere. N'zoona kuti za Akalonga ndi za Undi sitingaziike pa tsiku, ndipo tisazipekere. Zimenezo zipatsidwe nkhani yakeyake. Koma nthawi zina mbiri ya pakamwa imasunga chizindikiro chimene chingawerengedwe. Angoni a Zwangendaba anasunga m'kamwa kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi, cha kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo anawerenga m'mbuyo n'kupeza kadamsana amene anadutsa dera limenelo mu Novembala 1835. Mabuku ena a sukulu amati linali pa 19, koma kawerengedwe ka kadamsanayo kamapereka 20 Novembala. Tsamba limenelo la kaundula wanu liyambe ndi Angoni, ndipo muwafunse owerenga a ku Mzimba ndi ku Chipata zimene agogo awo ankanena za tsikulo.

Ife anu,
Aphunzitsi a phunziro la mbiri,
Zomba